N'chifukwa chiyani "i" wowonda amakhala mpando wofanana ndi "m" wonenepa?

Funso lachokera kwa wowerenga wa ku Mtendere mu Lusaka: "Bambo, masana ndimagwira ntchito pa kashopu kotayipa ndi kupanga fotokope ku Kamwala, usiku ndikulemba filimu yanga yoyamba m'Chinyanja. Amene akutiphunzitsa anandibwezera masamba onse 40 osawerenga n'komwe, akuti ndikalembenso ndi Courier 12. Ine zilembozi ndimaziona ngati za m'makalata a agogo: zowonda, zotalikirana, zodya mapepala. Kodi zili ndi chiyani? Nanga ndingaziike pa ma CV ndi pa mapositala a makasitomala, popeza ena amazifunsa?"

Mlongo wanga, zikomo polemba. Kubwezeredwa masamba 40 munthu asanawerenge ngakhale mzere umodzi kumawawa, koma aphunzitsi anuwo ndiwaikira kumbuyo. Mukapita ku msika wa Soweto kukagula nyemba, palibe amene amafunsa ngati meda ndi yokongola. Chimene mumafuna n'chakuti meda ya mayi uyu ifanane ndi ya mayi wa pa tebulo linalo, kuti mukamva mtengo mudziwe chimene mukunyamula. Courier 12, kutanthauza mtundu wa zilembo wotchedwa Courier pa saizi 12, ndi meda ya anthu a mafilimu. Aphunzitsi akanyamula script, ndiwo masamba olembapo filimu, m'manja amafuna adziwe kutalika kwa filimuyo asanawerenge, ndipo ndi zilembo zina zilizonse sangadziwe.

Kuti muone mmene zilembo zinasandukira muyeso, tiyambe ndi makina amene anazibala. Ine ntchito ndinayambira pa taipilaita ya Olympia, ya chitsulo chokhachokha, yoti pofuna kuisuntha unkaitana mnzako. Pepala limakulungidwa pa kareji, chija chimayenda uku ndi uku pamwamba. Mkati muli sipuling'i imene imakokera kareji kumanzere nthawi zonse, ndi kagudumu ka mano kamene kamaigwira kuti isathawe. Ukagunda batani, kagudumuko kamamasula dzino limodzi, kareji n'kusuntha sitepe imodzi. Kagudumu sikadziwa kuwerenga. Kaya wagunda i, kaya m, kaya mpumiro, kaya wangosiya mpata, dzino ndi limodzi ndipo sitepe ndi yomweyo, mpaka belu lilire kuti ngee, mzere watha.

Ndiye zili ngati basi ya pa Kulima Tower. Kondakita akati "senderani, anayi anayi," mpando sufunsa kuti uyu ndi mwana wa sukulu kapena ndi bambo wa mimba yake. Aliyense gawo lake ndi lofanana. Pa ntchito yathu timati zilembo zotere ndi monospace. M'buku kapena m'nyuzipepala sizili choncho: kumeneko i amapatsidwa kampata kake kakang'ono, m amapatsidwa malo otakasuka, ndipo mawu amaoneka ogwirana bwino.

Tsono wojambula zilembo za taipilaita amakumana ndi mutu waukulu. Akamusiya i mmene alili, kamtengo kamodzi kali njo pakati pa mpando waukulu, mawu amaoneka ngati ang'ambika pakati, ndipo wowerenga amaganiza kuti pali mpata pamene palibe. Choncho amamupatsa i phazi lalitali lopingasa pansi ndi kamkono kotambasukira kumanzere pamwamba, kuti adzaze mpando. Amachita chimodzimodzi ndi l, ndipo r naye amalandira phazi lalikulu kuposa msinkhu wake. Kumbali inayi m ndi w amafinyidwa mpaka miyendo kuthinana. Tsegulani Word, mulembe M ndi W akuluakulu mu Courier New, muwakulitse mpaka 72. Muona kuti nsonga ya pakati ya M siifika pansi ndipo ya W siifika pamwamba. Anaidula dala kuti mkatimo musadzaze inki.

Timapazi timeneti ndi timene timatchedwa serif. Zilembo zambiri za m'mabuku zili nato, koma ta Times New Roman ndi tosongoka, toonda ngati tsitsi kumapeto. Ta pa taipilaita ndi tokhuthala mofanana ndi thupi la chilembo, ngati thabwa lokhomedwa pansi pa mwendo wa tebulo. Mtundu umenewu ndiwo slab serif, ndipo ndi wakale kuposa taipilaita imene. Vincent Figgins wa ku London anali atayamba kale kugulitsa zilembo zotere cha m'ma 1815, zolembera zikwangwani zoti munthu aone ali patali. Taipilaita yoyamba ya Remington inalowa pa msika mu 1874 ndipo inkalemba zilembo zikuluzikulu zokha. Ya 1878 ndi imene inabwera ndi batani la shift.

N'chifukwa chiyani opanga makina anakonda mizere yokhuthala mofanana paliponse? Funso limeneli ndi amene anagwirapo kaboni angakuyankheni. Chilembo cha pa taipilaita sichisindikizidwa mofatsa ayi, chimamenyedwa. Kachitsulo kamathamanga n'kumenya riboni ya nsalu, riboni n'kumenya pepala, ndipo kumbuyo kwa pepalalo kuli kaboni ndi pepala lina, kaboni winanso ndi pepala lachitatu, nthawi zina mpaka lachisanu. Mzere woonda ngati tsitsi ukanadula riboni pamwamba koma osafika n'komwe pa pepala la pansi. Mpumiro wokha, poti ndi kansonga, unkaboola pepala ukaugunda mwaukali. Ukaunika kalata yakale pa dzuwa umaona timabowo kumapeto kwa chiganizo chilichonse.

Mimba za zilembo nazonso ankazisiya zotseguka kwambiri, chifukwa ulusi wa riboni ndi inki zinkaunjikana mkati mwa e, a ndi o. Lachisanu lililonse tinkatenga phini, burashi yakale ya mano ndi sipiriti kukolokosa zilembozo chimodzichimodzi. Sabata ina ndinachita ulesi. Ndinkatayipa sewero la achinyamata a mpingo wina, makope asanu pa kaboni, ndipo pa kope la pansi mzere woti "mayi akuseka" unatuluka ngati "mayi akusoka". Mtsikana amene analandira kopelo anabwera poyeserera atanyamula singano ndi kansalu. Pa sitensulo ya Gestetner, imene masukulu ankasindikizira mayeso, vuto linali lina: ukamenya o mwamphamvu, kamtima kake kankathothoka n'kusiya bowo, ndipo pa mapepala onse 200 pankatuluka kadontho kakuda bii.

Apa ndikonzeko pang'ono mawu anu. Makalata a agogo aja mwina si Courier. Mataipilaita a Olympia, Imperial ndi Olivetti amene anadzaza maofesi a mu Cairo Road anali ndi zilembo zawozawo, ndipo ife sitinkazitchula ndi maina. Tinkangoti makina awa ndi pica, awa ndi elite. Pica imalowetsa zilembo 10 pa inchi imodzi, elite 12. Courier ndi mwana mmodzi chabe wa banja limeneli. Anaijambula Howard Kettler, wa kampani ya IBM ku America, cha m'ma 1955, ndipo poyamba ankafuna kuitcha Messenger. IBM sinaitsekere ndi malamulo a umwini, choncho makampani ena anaikopera mwaufulu n'kuifalitsa paliponse. Mu 1961 IBM inatulutsa Selectric, ija ya kampira kachitsulo kokhala ndi zilembo 88 kamene kankazungulira n'kumenya pepala, kareji ili chilili. Sekilitale amene anapatsidwa Selectric masiku amenewo ankayenda mosiyana ndi ife a pa Olympia.

Makompyuta atabwera, Courier inalowamo msanga. Inali m'gulu la zilembo zochepa zimene zinabwera mkati mwa pulinta ya Apple LaserWriter mu 1985. Courier New ya kampani ya Monotype inabwera ndi Windows 3.1 mu 1992, ndipo Courier ili pa zilembo 14 zimene PDF inayamba nazo. Unduna woona za maiko akunja wa America unkalemba makalata ake ndi Courier New 12 mpaka kuchiyambi kwa 2004, pamene unasinthira ku Times New Roman 14.

Tsopano masamu a meda ija. M'fonti (mtundu wa zilembo) ya Courier chilembo chilichonse chimatenga magawo 600 pa 1000 a saizi yake. Pa saizi 12 ndiye kuti mapointi 7.2, ndipo popeza inchi ili ndi mapointi 72, chilembo chimodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a inchi, kapena kuti mamilimita 2.54. Ndi pica ya pa taipilaita yeniyeni, osaonjeza osachotsa. Kutsika pansi, taipilaita inkapereka mizere 6 pa inchi. Olemba mafilimu a ku Hollywood ankalemba pa makina otere, ndipo anazolowera kuti tsamba limodzi lokonzedwa mwa dongosolo lawo limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa kanema. Masamba 90, ola ndi theka. Wopanga bajeti amadalira muyeso umenewu, wokonza masiku ojambula naye amagawa tsamba m'magawo 8 n'kumati lero tijambula masamba atatu ndi magawo awiri. Mukasintha zilembo, mwawasokoneza onsewa.

Koma zilembo zokha sizikwanira, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Malire a tsamba nawonso ndi mbali ya medayo. Kumanzere musiye inchi 1.5 chifukwa cha zoboola zomangira, kumanja, pamwamba ndi pansi inchi imodzi. Zolankhula zimayambira pa mainchi 2.5 kuchokera m'mphepete mwa pepala ndipo zimatambalala pafupifupi mainchi 3.5, kutanthauza zilembo 35 pa mzere. Dzina la wolankhula limakhala pamwamba pake m'zilembo zikuluzikulu, cha pa mainchi 3.7. Tsamba limanyamula mizere ya m'ma 55. Zonsezi mungathe kuziika nokha mu Word, koma mapulogalamu olembera mafilimu monga Final Draft, Celtx, kapena Trelby imene ndi yaulere, amachita okha. Dziwaninso kuti muyesowu unapangidwira pepala la ku America la mainchi 8.5 ndi 11. A4 yathu ya mamilimita 210 ndi 297 ndi yocheperako m'lifupi koma yotalikirapo, moti mzere wofotokoza zochitika umene kwa iwo umalowa zilembo 60, kwa ife ndi malire omwewo umalowa 57, ndipo pansi pamatsala malo a mizere ina inayi. Afunseni aphunzitsi anu pepala limene akufuna, musamasinthesinthe.

Pali nkhani imene mabuku a mafilimu sangakuuzeni chifukwa olemba ake sankaganiza za chilankhulo chathu. Mawu athu ndi aatali. Zimene Mzungu amanena ndi timawu tisanu tifupitifupi ife timazimanga m'liwu limodzi. Tengani "ndikadzakuonaninso": zilembo 18, theka la mzere wa zolankhula latha. Liwu lotsatira likakhala lalitali chimodzimodzi silikwana, limagwera pa mzere wina n'kusiya chimpata kumanja. Choncho tsamba la m'Chinyanja limakhala ndi mizere yambiri yosadzaza, ndipo lamulo lija la tsamba limodzi mphindi imodzi musalimeze lonse. Itanani anzanu awiri, awerenge masamba asanu mokweza ngati akusewera, inu mutagwira wotchi ya pa foni. Nambala imene mupeze ndiyo muyeso wa script yanu, ndipo mukapita nayo kwa aphunzitsi adzaona kuti mwayamba kuganiza ngati wopanga filimu.

Mipata ya kumanja ija muisiye. Musayese kuwongola mbali ya kumanja ndi batani la Justify, chifukwa kompyuta imatero potambasula mipata ya pakati pa mawu, ndipo mu Courier zotsatira zake zimakhala ngati mano a nkhalamba. Musalolenso Word kudula mawu yokha kumapeto kwa mzere. Imadula motsata Chingerezi, ndipo ingathe kusiya n pamwamba, dz pansi. Wosewera amawerenga ndi pakamwa, liwu lodulidwa limamupunthwitsa.

Chinanso, chilankhulo chathu chimakonda zilembo zomwe zija zimavutika pa mpando wothina. Lembani "mwamuna wammwamba mmawa" mu Courier muone mmene pamaderapo poyerekeza ndi "ali ndi ife". Chingerezi sichiunjika m ndi w motere. Pa saizi 12 zimawerengeka bwinobwino, koma mukatsika kufika pa 9 kenako n'kupanga fotokope ya fotokope, mm amasanduka mpanda. Kumbukiraninso kuti kuno ku sukulu timalemba "cinthu" ndi "Cinyanja", pamene kutsidya kwa Mwami, ku Mchinji ndi ku Lilongwe, amalemba "chinthu". Mu Courier h aliyense ndi mamilimita 2.54. Sankhani kalembedwe kamodzi kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza.

Ngati mumalemba ŵ wa kadenga, monga mu Malaŵi, Courier New ali naye. Mu Word lembani U+0175 kenako mugunde Alt ndi X pamodzi. Musasiye U+ uja, chifukwa mukangolemba 0175 pambuyo pa a, Word imatenga a yo ngati mbali ya nambala n'kukupatsani zina. Kale pa makina opanda batani la kadengako tinkachotsa pepala n'kuikapo ndi bolopeni yakuda. Kachizindikiro ka m'mwamba ka mu ng'ombe ndi m'nyumba nako kamadya mpando wathunthu, ndiye mawu ngati "ng'ono" amaoneka otseguka pakati. Palibe cholakwika, ndi mmene zilili, musachotse kachizindikiroko pofuna kukongoletsa.

Mwadandaula kuti zilembozi ndi zowonda, ndipo apa ndikugwirizana nanu ndi mtima wonse. Koma wolakwa ndi Courier New, osati banja lonse. Anthu a ntchitoyi amafotokoza kuti poijambulira pa kompyuta anatengera maonekedwe a kachitsulo ka pa Selectric, osawerengera kuti riboni inkanenepetsa mzere uliwonse inki ikamwazika pa pepala. Pulinta ya leza simwaza inki, choncho chimene chimatuluka ndi mafupa okhaokha. Tona ikayamba kutha, monga zimachitikira pa mashopu athu kumapeto kwa mwezi, tsamba limangoti mbuu. Mankhwala ake alipo ndipo ndi aulere. Courier Prime, imene anajambula Alan Dague-Greene mu 2013 atapemphedwa ndi wolemba mafilimu John August, ili ndi muyeso womwewo wa zilembo 10 pa inchi koma ndi yokhuthalako, ndipo zilembo zake zopendekeka ndi zojambulidwa mwapadera, osati zongokankhidwira kumbali. Imapezeka pa Google Fonts. Ikani imeneyo pa kompyuta ya pa shopu, muyese kaye ngati ŵ akutuluka, ndipo potumiza kwa aphunzitsi tumizani PDF. Mukatumiza fayilo ya Word kwa munthu amene alibe fontiyo, kompyuta yake imasankha ina yokha ndipo masamba onse amasuntha.

Zoti zimadya mapepala n'zoona, sindingakunamizeni. Mzere wa mainchi 6.5 umalowa zilembo 65 za Courier 12, pamene Times New Roman 12 imalowetsa za m'ma 90. Lipoti la masamba 10 limafika 13 kapena 14. Ophunzira ena anatulukira kale chinsinsi chimenechi akauzidwa kulemba masamba 20, ndipo aphunzitsi awo anachitulukira iwo asanabadwe. Kwa inu a pa shopu, amene mumalipiritsa pa tsamba, n'kosavuta kukopeka. Musatero. Kasitomala akadzazindikira sadzabweranso, ndipo Kamwala ili ndi mashopu ambiri.

Pa CV ndikukanizani. Amene amawerenga ma CV amakhala ndi mulu pa tebulo ndipo amangoponya diso. Zilembo za mpando wofanana zimachedwetsa diso, chifukwa mawu onse amaoneka otambalala mofanana ndipo CV ya masamba awiri imasanduka atatu. Ikani Calibri, Arial, Georgia, kapena Times New Roman yomweyo. Chimodzimodzi pa pulogalamu ya ukwati, ya maliro, kapena kabuku ka nyimbo za kwaya: paliponse pamene munthu awerenge ndime zazitali, perekani zilembo za m'buku.

Pamene zilembo za taipilaita zilibe mnzake ndi pamene zinthu ziyenera kuima chimodzi pansi pa chinzake popanda tebulo. Ndinaphunzira izi movutika pa kampani ina kumene ndinkathandiza kusindikiza mapepala a malipiro. Pulogalamu yawo inkatulutsa maina ndi ndalama m'mizere yoongoka pogwiritsa ntchito mipata chabe, ikudalira kuti mpata ndi chilembo n'zofanana. Ine pofuna kukongoletsa ndinasankha zonse n'kuika Times. Mizere inapindika ngati ya ng'ombe zoyamba kumene kukoka pulawo. Ndalama za msonkho zinalowa pansi pa mutu wa ngongole, ngwee zili uku, makwacha ali uko, ndipo akauntanti anandiyang'ana osanena kanthu. Manambala okha sanali vuto, popeza m'mafonti ambiri monga Times ndi Arial manambala ndi ofanana kale m'lifupi. Zinasokoneza ndi maina: "Lili" ndi "Mwamba" amadya malo osiyana, ndipo chilichonse cha kumanja kwawo chinasuntha. Ndiye kasitomala akabwera ndi fayilo yochokera m'pulogalamu ya maakaunti, ya sitoko kapena ya ku banki, imene ikutseguka mu Notepad, musaisinthe zilembo. Koma ngati zinthu zili kale mu Excel kapena mu tebulo la Word, mizere ya tebuloyo ndi imene ikugwira ntchito, Courier sikufunika.

Mukayang'ana bwino muona kuti banja limeneli lili paliponse mu Lusaka. Risiti ya pa tilu imatuluka ndi zilembo za mpando wofanana, ndipo kapulinta ka pepala la mamilimita 58 nthawi zambiri kamalowetsa zilembo 32 pa mzere, n'chifukwa chake maina a katundu amadulidwa mchira. Mapulinta a singano, aja a phokoso amene amasindikiza ma invoice a makope atatu m'mashopu a hadiweya, amalemba zilembo 80 pa mzere, 10 pa inchi, mainchi 8 ndendende. Nambala 80 yo inachokera pa makadi obooledwa a IBM a mu 1928, ndipo olemba mapulogalamu a kompyuta ambiri akuilemekezabe. Tsegulani pasipoti pa tsamba la chithunzi: pansi pali mizere iwiri ya zilembo 44 uliwonse. Imeneyo ndi OCR-B ya Adrian Frutiger, ya mu 1968. Ilibe timapazi tambiri ngati Courier, koma lamulo la mpando ndi lomwelo, kuti makina a pa bwalo la ndege adziwe kuti malo akutiakuti ndi tsiku lobadwa.

Chenjezo limodzi pa manambala. Mataipilaita ambiri akale analibe batani la 1. Tinkagunda l wamng'ono, ndipo pa makina ena ziro tinkagunda O wamkulu. Ngakhale mfuuliro tinkachita kumanga: kachizindikiro ka m'mwamba, kubwerera sitepe imodzi, kenako mpumiro pansi pake. Cholowa chimenechi chikadalipo m'maonekedwe a Courier, moti l ndi 1 amafanana ngati mapasa, ndipo ziro alibe chizindikiro mkati chomusiyanitsa ndi O. Mukamatayipa pasiwedi ya Wi-Fi yoti mumate pa khoma, kapena nambala ya umboni wa mobile money imene imasakaniza zilembo ndi manambala, sankhani Consolas, imene ziro wake ali ndi mzere wodutsa pakati, kapena IBM Plex Mono ya mu 2017, imene ziro wake ali ndi kadontho ndipo ili ndi timapazi tokhuthala ngati taipilaita. Ilinso yaulere.

Mwina mwaonanso makasitomala achikulire akukuuzani kuti musiye mipata iwiri pambuyo pa mpumiro. Ndi ife tinawaphunzitsa. Pa taipilaita, poti mawu onse ndi otayana kale, mpata umodzi sunkaonetsa bwino pamene chiganizo chathera. M'zilembo za m'buku mpata umodzi ukwanira. Zala zanga mpaka lero zimagunda kawiri, kenako ndimachita kufufuta.

Za mapositala. Amene amafunsa zilembozi amafuna fungo la kale: kalata ya boma, telegalamu, fayilo ya polisi, reji (chitupa) yobiriwira ija yotayipidwa dzina. Pa chikuto cha buku la ndakatulo, pa menyu ya kafe ya ku Kabulonga kapena pa positala ya sewero la mbiri, zimagwira mtima ndithu. Koma muzigwiritse pa mawu ochepa, mutu kapena mzere umodzi, ndipo mutenge zokhuthala. Courier New pa chikwangwani cha m'mbali mwa Great East Road imasowa munthu asanafike mamita khumi. Mukakulitsa zilembozi mipata ya pakati pake imakulanso, ndiye muifinye pang'ono, popeza pa positala palibe amene akuyeza. Palinso American Typewriter ya mu 1974, ya Joel Kaden ndi Tony Stan, imene imapezeka pa makompyuta a Apple. Imaoneka ngati ya taipilaita, timapazi take ndi tozungulira bwino, koma chilembo chilichonse chili ndi malo akeake ngati m'buku. Pa positala ndi yabwino kuposa Courier. Pa script musayerekeze, chifukwa imanamiza diso koma si meda.

Mafonti aja onamizira kutha, a zilembo zothimbirira ndi zodukaduka, ine sindiwakonda, ngakhale makasitomala amawafuna. Pa makina enieni e aliyense amatuluka mosiyana malinga ndi mphamvu ya chala ndi kuuma kwa riboni. Pa fonti, e wachitatu ali ndi banga lomwelo pa malo omwewo ngati e woyamba, ndipo amene anagwirapo taipilaita amaona bodzalo nthawi yomweyo. Ngati kasitomala akufunadi maonekedwe amenewo, funsani m'maofesi a mipingo kapena kwa asekilitale opuma ntchito a ku Chilenje ndi ku Kabwata. Makina ambiri akungogona pansi pa nsalu. Tayipani mawuwo pa pepala loyera, muwasikane pa 600 dpi, muwakulitse. Ulusi wa riboni umaonekera m'mphepete mwa chilembo chilichonse.

Tibwerere ku masamba anu 40. Mukawaika mu Courier 12 ndi malire oyenera achuluka, mwina kupitirira 50, ndipo musachite mantha, filimuyo ndi yomweyo, kungoti tsopano mukuiona kutalika kwake kwenikweni. Ngati aphunzitsi anapempha filimu ya mphindi 30, ndiye kuti ntchito yodula ikukudikirani, ndipo musayese kuzemba potsitsa saizi kufika 11 kapena kukankha malire. Munthu amene wawerenga ma script ambiri amazindikira tsamba lothina asanawerenge liwu limodzi.

Posindikiza PDF pa shopu, yang'anani bokosi la pulinta. Nthawi zambiri limakhala pa Fit, ndipo limachepetsa tsamba pang'ono osakuuzani, makamaka ngati fayilo ndi ya pepala la ku America koma mu thireyi muli A4. Sankhani Actual size. Tsamba loyamba likatuluka, tengani rula, muwerenge zilembo 10 pa mzere uliwonse, mipata ndi zizindikiro zomwe. Zikwane masentimita 2.54. Zikapanda kukwana, musasindikize masamba otsalawo.